Kakonzedwe ka database ya shopu pa pulojekiti ya business information systems

Ntchito imene ophunzira a business information systems amapatsidwa kawirikawiri, kaya ku MUBAS ku Chichiri kapena m'makoleji ena muno mu Blantyre, ndi yosankha bizinesi yaing'ono n'kuikonzera dongosolo la pakompyuta. Ambiri amathamangira kukongoletsa sikirini, pamene malikisi amagona mu database, nkhokwe yosungamo data yonse ya dongosololo m'ma table. Tiyeni titenge shopu ya hadiweya ya ku Limbe, yogulitsa simenti, misomali, malata ndi penti.

Musayambe mwatsegula laputopu. Tengani kalata ya kusukulu, mupite kushopuko, mukapemphe mwini wake akuonetseni buku la malisiti, kope la angongole ndi mapepala amene amabwera ndi katundu wopikula. Khalani pakauntala ola limodzi kapena awiri n'kumaonerera. Kumeneko mudzaona zimene palibe amene angakuuzeni mutamufunsa: mmisiri womanga watenga matumba 20 a simenti, walipira theka pa Mpamba, zotsala akuti abweretsa Loweruka, wina wagula theka la kilo ya misomali, wina wabweza ndowa ya penti chifukwa mtundu suli womwe bwana wake amafuna. Chilichonse mwa zimenezi chiyenera kupeza malo mu database yanu.

Lisiti limodzi likukwanirani kuyambira ERD (entity relationship diagram), chojambula choonetsa ma table ndi mmene amalumikizirana. Pamwamba pake pali tsiku, nambala ya lisiti ndi dzina la wogula: zimenezo ndi table ya Sale ndi ya Customer. Pakati pali mizere ya katundu, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Amaika item1, item2, item3 mu table ya Sale, ndiye tsiku limene munthu wagula zinthu zisanu ndi ziwiri dongosolo limasowa pozilemba. Kumeneko n'kuswa first normal form, lamulo loyamba la kakonzedwe ka ma table limene limaletsa kubwereza ma column a chinthu chofanana motere. Lisiti limodzi limakhala ndi katundu wosiyanasiyana, katundu mmodzi amapezekanso pamalisiti ambiri, choncho pakati pa Sale ndi Product pamafunika table yachitatu, SaleItem, yokhala ndi sale_id, product_id, quantity ndi unit_price. Mzere uliwonse wa palisiti ukhale mzere umodzi mu SaleItem. Jambulani kaye papepala, kenako mu draw.io, imene ndi yaulere.

Nkhani ya unit_price imafuna kuimvetsa bwino. Wina pagulu panu adzanena kuti mtengo uli kale mu Product, ndiye kuulembanso mu SaleItem n'kubwereza. Ayi ndithu. Mtengo wa mu Product ndi wa lero, pamene wa mu SaleItem ndi umene wogula analipira tsiku limenelo. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44%, mitengo m'mashopu n'kusintha. Dongosolo lowerengera malonda akale ndi mtengo wa lero likanaonetsa kuti shopu inapanga ndalama zimene sinazigwire n'komwe mu Okutobala. Lembani chifukwa chimenechi mu lipoti lanu, pagawo la normalisation (kukonza ma table kuti data isabwerezedwe), kuti wochonga aone kuti munachita dala. VAT nayonso musaikhomere mu code. Kwa zaka zambiri inali 16.5%, koma boma limatha kuisintha pa bajeti, choncho ikhale mu table yakeyake, ndipo mlingo umene unagwira ntchito usungidwe pa malonda alionse.

Tsopano mitundu ya data. Ndalama zikhale DECIMAL(12,2), imene imasunga matambala ndendende, osati FLOAT, chifukwa FLOAT sisunga tizigawo ndendende. Mukaphatikiza malisiti mazanamazana matambala amayamba kusiyana ndi a m'kaundula. Quantity ikhalenso DECIMAL, apo ayi theka la kilo ya misomali lija lidzasanduka 0 kapena 1. Mu Product muikemo unit, kuti zidziwike ngati katunduyo amagulitsidwa pa thumba, pa kilo, pa lita kapena pa mita. Nambala ya foni ikhale VARCHAR(15), kutanthauza kuti isungidwe ngati mawu. Mukaiika ngati INT, ziro woyamba wa 088 kapena 099 amasowa, ndipo chizindikiro cha kutsogolo kwa +265 sichilowa. Musaigwiritsenso ntchito ngati primary key, column yozindikiritsa mzere uliwonse: anthu amasintha nambala, ena amalembetsa ya akazi awo. Customer_id wongodziwonjezera yekha ndi wokwanira. Ndipo poti ogula ambiri a kashi satchula dzina, lolani customer_id mu Sale kukhala NULL, kutanthauza yopanda kanthu.

Malipiro akhale ndi table yawo, Payment, yokhala ndi sale_id, ndalama, tsiku, njira yolipirira ndi nambala ya transaction ya Airtel Money kapena Mpamba. Nambala imeneyo muiike UNIQUE, kuti uthenga umodzi usalipire malisiti awiri. Ngongole musaisunge mu column ya balance. Iwerengedwe pochotsa zonse zolipiridwa pa mtengo wa lisiti. Column ya balance imadalira kuti code yonse ikumbukire kuisintha, ndipo pamalo amodzi pokha pakaiwalika, manambala amasiya kugwirizana. Maganizo omwewo agwire ntchito pa katundu wa m'sitolo: table ya StockMovement ilembe chilichonse cholowa, chotuluka, chobwezedwa ndi choonongeka, monga simenti yoti yauma ndi chinyontho. Mwini shopu akafunsa kumene matumba asanu apita, yankho limakhala mmenemo.

Ambiri amagwiritsa ntchito XAMPP, pulogalamu yoyendetsa database ya MySQL pa laputopu, ndi phpMyAdmin, yoionera ndi kuikonzera. Onetsetsani kuti ma table ali pa InnoDB, osati MyISAM; zimenezi ndi njira ziwiri zimene MySQL imasungira ma table. MyISAM imalandira mawu a foreign key (column yolumikiza table ndi inzake) koma siwatsatira, ndipo ilibe transaction, njira yolemba zinthu zingapo zonse pamodzi kapena osalemba chilichonse. Kugulitsa kumodzi kumalemba mu Sale, SaleItem, StockMovement ndi Payment, ndiye zonsezi zikulungeni pakati pa START TRANSACTION ndi COMMIT. Magetsi akathima pakati, palibe chimene chimalembedwa mwatheka. Kuthima kwa magetsi komweko kumaononga mafayilo a MySQL ngati laputopu ilibe batire, n'kupeza mawa lake ikukana kuyaka. Tsiku lililonse mukamaweruka pangani Export mu phpMyAdmin, fayilo ya .sql muiike pa fulashi ndi pa Google Drive, dzina lake likhale ndi deti. Kukopera foda ya htdocs yokha, mmene mumakhala code yanu, sikusunga database. MySQL ikakana kuyaka pakompyuta imene munaikapo kale MySQL ina, yang'anani port 3306, nthawi zambiri yalandidwa.

Data yoyesera ikhale yofanana ndi ya kushopu, osati "test1" ndi "aaa". Katundu wamitundu 30 ndi malisiti 50 a miyezi iwiri akukwanira kuti lipoti la malonda a pamwezi lioneke zenizeni. Koma mayina ndi manambala a m'kope la angongole musawakopere. Malawi ili ndi Data Protection Act ya 2024, komanso mwini shopu anakuonetsani kopelo pokukhulupirirani. Pekani mayina anu. Yesaninso dala zolakwika: kugulitsa matumba 60 pamene alipo 40, kulipira kuposa ngongole, kufufuta katundu amene ali kale palisiti. Zotsatira zake ndi zimene zimadzaza gawo la testing.

Musanapereke ntchito, ikani ERD ya mu lipoti pambali pa database yeniyeniyo, muyerekeze table ndi table. Magulu ambiri amajambula ERD sabata yachitatu, n'kusintha ma table kangapo osabwerera ku chojambulacho, ndipo wochonga amaziona msanga. Kenako tengani fayilo ya .sql ndi foda ya code, mukaziike pa laputopu ya mnzanu imene sinagwirepo pulojekitiyi, mugulitse thumba limodzi la simenti kuyambira pa login mpaka lisiti kutuluka. Zikakanika pamenepo, kawirikawiri vuto limakhala dzina la database kapena password imene yatsalira mu fayilo ya config.