Kawerengedwe ka mabuku a mbiri ya oyimba a folk ndi rock

Buku loyamba la mbiri ya woyimba limene ndinagula ndinalipeza pamulu wa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe, ndipo ndinaliwerenga lonse kunyumba kuno ku Thyolo sabata ina ya chiperoni, pamene kunja kunali kosatulukika. Nditafika kumapeto ndinkadziwa mudzi wa kwawo kwa woyimbayo, mayina a akazi amene anakwatira ndi kulekana nawo, ngakhalenso mtundu wa gitala yake, koma nyimbo zake ndinali ndisanamvepo ndi imodzi yomwe. Zinali ngati kuloweza kaphikidwe ka ndiwo imene sunailawepo. Kuyambira pamenepo ndinasintha kawerengedwe, ndipo njira imene ndikufotokoza pano mutu wake ndi umodzi: buku lotere limawerengedwa khutu lili ku nyimbo.

Musanatulutse ndalama, tsegulani tsamba loyamba muone amene walemba. Ngati ndi woyimba mwini wake, dziwani kuti mukukacheza ndi munthu amene akusankha yekha zoti akuuzeni, monga amachitira mkamwini pofotokoza za kwawo. Bob Dylan, amene anabadwa mu 1941 ku Duluth m'chigawo cha Minnesota ku America ndipo analandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba mu 2016, anatulutsa buku la moyo wake lotchedwa Chronicles mu 2004. Wowerenga amene akuyembekezera mbiri yoyambira kubadwa n'kumatsata chaka ndi chaka amakhumudwa nalo, chifukwa mkuluyu amakhalitsa pa masiku amene anangofika kumene ku New York mu 1961, kenaka amalumphira ku zimbale za 1970 ndi 1989, ndipo zaka zimene anatchuka kwambiri amangozikhudza modutsa. Buku lotere ndi lokoma, ndipo limakuonetsani mmene munthuyo amaganizira, koma silingakhale mboni yokhayo. Woody Guthrie, amene Dylan ankamutenga ngati mphunzitsi wake mpaka kukamuzonda kuchipatala ku New Jersey, nayenso buku lake la 1943 analithira nthano pakati pa zoona.

Kwa amene akuyamba kumene, ine ndimalangiza mtundu wina wa buku, umene umayenda nyimbo ndi nyimbo. Chitsanzo chodziwika ndi Revolution in the Head, limene Ian MacDonald anatulutsa mu 1994, lofotokoza nyimbo za gulu la The Beatles la ku Liverpool ku England motsata nthawi imene zinajambulidwa. Pa nyimbo iliyonse pali tsiku lojambulira, amene anagwira chida chilichonse, ndi maganizo a wolembayo, amene nthawi zina amakhala owawa ndithu. Ubwino wa buku lotere ndi wakuti simufunika kulimaliza. Mukhoza kuwerenga masamba awiri madzulo mutaweruka, kumvera nyimboyo, n'kulitseka. M'mabuku otere ndi mmene mumapeza zinthu zimene zimasintha kamvedwe kanu, monga zakuti nyimbo 10 za m'chimbale choyamba cha gululi zinajambulidwa tsiku limodzi, pa 11 February 1963, John Lennon ali ndi chimfine. Mukadziwa zimenezo n'kumveranso nyimbo yotsiriza ya chimbalecho, kusasa kwa mawu ake kumakhala ndi tanthauzo lina.

Mukapeza buku, musaliyambe tsiku lomwelo. Pitani kumapeto kwake, kumene nthawi zambiri kumakhala mndandanda wa zimbale ndi zaka zake, ndipo mukopere mayina a zimbale zitatu kapena zinayi zoyambirira. Nyimbo za folk ndi rock zakale sizipezeka kawirikawiri kwa anyamata oika nyimbo m'mamemore pa Luchenza kapena pa Bvumbwe, pakuti iwo amasunga zimene anthu akufuna lero, choncho njira yodalirika ndi intaneti. Sankhani nyimbo yongomvera osati ya kanema, chifukwa kanema amadya bandulo msanga, ndipo muonetsetse kuti imene mwapezayo ndi yojambulidwa m'chaka chimene buku likunena. Apa ambiri amasokonekera. Woyimba mmodzi amatha kuyimba nyimbo yomweyo kwa zaka 50, ndipo imene anayimba pabwalo atakalamba si imene wolemba buku akufotokoza.

Ndondomeko imene yandithandiza ndi yakuti ndimvere nyimbo kawiri ndisanawerenge mutu umene ukuifotokoza. Ulendo woyamba ndimangomvera monga aliyense. Ulendo wachiwiri ndimasankha chida chimodzi, kaya ndi gitala ya besi kaya ndi ng'oma, n'kuchitsata kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osalola mawu a woyimba kundikoka. Ndikatero ndimalemba m'kope mizere iwiri kapena itatu ya zimene ndamva ndi khutu langa, ndipo pokhapo ndi pamene ndimatsegula buku. Chifukwa chake ndi chakuti olemba mabuku amenewa ndi akatswiri pa kukopa, moti mukayamba ndi iwo mudzamva zokhazo zimene akuuzani kuti mumve. Mukayamba ndi khutu lanu mumakhala ndi poimira, ndipo si zachilendo kupeza kuti nyimbo imene wolemba waipeputsa ndi imene inu yakugwirani mtima. Musafufute zimene munalemba chifukwa choti mwini buku ndi wophunzira.

Chingerezi cha m'nyimbo zimenezi nthawi zina chimakhala cha kumudzi kwawo, chosapezeka mu dikishonale ya kusekondale. Musaime pa liwu lililonse. Lembani mawu okhawo amene akubwerabwera, ndipo ena aja muwasiye adutse.

M'kope lomwelo patulani masamba a mafunso amene mabuku ambiri amawayankha monyinyirika. Anapeka nyimboyi ndani, ndipo dzina limene linalembedwa pachimbale ndi la yani? Ndalama zinapita kuti? Pa nyimbo za folk funso limeneli ndi lalikulu, chifukwa folk ndi nyimbo zimene poyamba zinkayenda pakamwa, kuchoka kwa akulu kupita kwa ana, monga zimachitira zathu za pamtondo, ndipo oyimba ambiri a zaka za m'ma 1960 ankatenga chuni chakale n'kuchiveka mawu atsopano. Buku labwino limakuuzani kumene chunicho chinachokera. Buku limene likuchita ngati woyimbayo zonse anazilota yekha usiku, likayikireni pa zinanso.

Ngati n'kotheka, werengani mabuku awiri a munthu mmodzi, kapena mubwerekane ndi mnzanu, wina ili wina ilo. Nkhani imene imaphunzitsa bwino kufunika kwa zimenezi ndi ya chikondwerero cha nyimbo za folk ku Newport mu July 1965, pamene Dylan anakwera pansanja ndi gitala yamagetsi ndi gulu loyimba mwaphokoso la rock, ndipo ena mwa anthu anamukuwiza. Kuti kunali kukuwiza, onse amavomereza. Koma chifukwa chake amasiyana: ena amati anthu anakwiya poona kuti wasiya gitala yopanda magetsi imene ankaiona ngati chizindikiro cha folk, ena amati zokuzira mawu zinkamveka moipa, ndipo ena amati anthu anadandaula chifukwa gululo linangoyimba nyimbo zitatu n'kutsika. Onse olankhulawo analipo tsiku limenelo. Aliyense amene anakhalapo pabwalo la amfumu pa mlandu wa malire a munda akudziwa mmene mboni zoona zimasiyanirana, ndipo wowerenga ayenera kukhala ngati nduna imene imamvetsera mbali zonse isanalankhule.

Musaiwalenso kufunsa zimene zinkachitika m'dziko pamene nyimbo inkajambulidwa. Mukamawerenga za Paul Simon, woyimba wa ku America, mudzafika pa chimbale cha Graceland cha 1986, chimene mbali ina anajambulira ku Johannesburg mu 1985 pamodzi ndi oyimba akuda a ku South Africa. Nthawi imeneyo kunali tsankho la apartheid, ndipo bungwe la United Nations linali litapempha aluso a mayiko ena kuti asamagwire ntchito m'dzikolo. Ena anamudzudzula kuti waswa pempholo, pamene ena anati anatsegulira khomo oyimba monga a Ladysmith Black Mambazo. Ife amene agogo athu anapita ku Wenela ndi ku Theba tili ndi khutu lina pa nkhani yotere, ndipo tikhoza kuona msanga ngati wolemba wawapatsa mpata oyimba a ku Africawo kuti alankhule, kapena wangowatchula ngati zida.

Kawerengedwe kameneka kamafika pokoma mukakabweretsa kwathu. Mu 1967 Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka akuyimba mu mzinda wa Blantyre, ndipo mu 1974 anatulutsa buku la gulu lawo, lofotokoza kayimbidwe kawo ka gitala ndi chitoliro kamene kanachokera ku kwela ya ku South Africa. Iye asanabwere, Hugh Tracey anali atayendayenda kale m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo, ndipo zimene anajambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Zimenezi zikusonyeza kuti woyimba wa m'mudzi, wa gitala yosema yekha, ndi woyenera buku mofanana ndi wa ku Liverpool. Kuno ku Thyolo tinali ndi Alan Namoko, woyimba banjo wosaona amene ankayimba ndi gulu la Chimvu River, ndipo anamwalira mu 1995. Ambiri a ife nyimbo zake tinaziloweza za pa wailesi, koma mutafunsa achinyamata kuti banjo yake ankaichuna bwanji, kapena kuti ndani ankamuimbira ng'oma, mudzaona akuyang'anizana.

Choncho mukamaliza buku limodzi lakunja, tengani mafunso a m'kope aja mupite nawo kwa munthu wamkulu wa kwanu amene ankayimba banjo, bangwe kapena gitala pa zikwati ndi m'misika ya m'maesiteti a tiyi. Musapite chimanjamanja, paketi ya shuga kapena sopo ndi ulemu wokwanira. Musayambe ndi kutulutsa foni. Ine ulendo wanga woyamba ndinalakwitsa pomwepa: ndisanakhale n'komwe pampando ndinali nditaika kale foni patsogolo pa agogo ena a kufupi ndi Thekerani, ndipo iwo anangoiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Kodi mwana wanga, wabwera kudzacheza ndi ine kapena wabwera kudzanditenga mawu?" Tsiku limenelo sindinajambule kanthu. Ulendo wachiwiri ndinayamba ndi kuwayimbira nyimbo yakale ya banjo ya m'foni momwemo, ndipo isanathe anali atayamba kale kundikonza, kundionetsa ndi zala pa ndodo yawo mmene iwo ankagwirira nsambo. Pemphani chilolezo momveka musanajambule, fotokozani kumene mawuwo apite, ndipo ngati mudzafuna kusindikiza mawu a nyimbo za munthu, kafunseni kaye za umwini wake ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zolemba m'dziko muno.

Akuluakulu sakumbukira zaka ndi manambala, choncho musawapanikize kuti anene chaka. Afunseni ngati nyimboyo anaipeka dziko lisanalandire ufulu mu 1964 kapena pambuyo pake, ngati napolo wa ku Phalombe wa 1991 anali atachitika, kapena ngati inali nthawi ya riferendamu ya 1993. Mayankho otere amakupatsani malire, ndipo m'kope mulembe malirewo monga mwauzidwira, osasandutsa kuyerekeza kukhala tsiku lenileni. Akatchula mnzawo amene ankayimba naye, funsani ngati ali moyo ndi kumene akukhala, chifukwa ameneyo ndiye buku lanu lachiwiri. Mawu a Chilomwe amene ali m'nyimbo muwalembe monga akumvekera, ndipo tanthauzo lake mufunse kwa anthu awiri osiyana.

Kwatsala nkhani ya kasungidwe, imene kuno si yaing'ono. Chinyontho cha Thyolo ndi Mulanje chimadya pepala, ndipo buku losiyidwa pawindo miyezi ya June ndi July limachita nkhungu n'kumatana masamba. Mabuku ndi makope muziwaika m'chidebe chapulasitiki chotseka bwino, pamalo okwera kumene chiswe sichingafike, ndipo tsiku ladzuwa muziwatulutsa apitidwe mphepo pamthunzi. Mawu amene mwajambula musawasiye m'foni mokha. Akopereni pa memore ina tsiku lomwelo, mulembe papepala dzina la mudzi ndi tsiku limene munajambula, ndipo memore yachitatu mukaisiye kwa a m'banja la amene anakuyimbiraniwo.