Eyakoni ikalemba vuto la sensa, iyezeni kaye musanagule chilichonse

Eyakoni ikayamba kuphethira nyali n'kulemba F1, F2 kapena CH01, ambiri amathamangira kunena kuti gasi watha. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mwini nyumba amavomera chilichonse bola agone tulo. Koma ine pantchito yanga yokonza mafiriji ndi maeyakoni sindikhudza gasi ndisanayeze sensa, kachipangizo kochepa ngati nyemba kamene kamauza bodi (gawo la magetsi loyendetsa makina onse) mmene kukutenthera. Kuyeza kwake kumangofuna sikuludiraiva, mita yoyezera magetsi ndi kapu ya madzi a ayezi.

Eyakoni ya pakhoma imakhala ndi masensa awiri m'bokosi la m'nyumba. Ina ili ndi mutu wakuda wa pulasitiki, imakhala kuseri kwa sefa, kutsogolo kwa koyilo (timapaipi todutsa gasi timene timaziziritsa mpweya), ndipo imamva mpweya wa m'chipinda. Inzake ili ndi mutu wa kopa, imalowa m'kachubu komatidwa ku paipi ya koyilo. Iyi ndiyo imaletsa koyilo kuundana. Ngati makina anu ndi a inverter (aja amene amasintha okha liwiro lawo), bokosi la panja lili ndi enanso, kawirikawiri atatu: ya mpweya wakunja, ya koyilo yakunja, ndi ya paipi yotuluka mu kompulesa, imene imapopa gasi.

Kampani iliyonse ili ndi zilembo zake. Pa Gree, F1 ndi sensa ya m'chipinda, F2 ndi ya koyilo ya mkati, F5 ndi ya paipi ya kompulesa. Pa LG, CH01 ndi ya m'chipinda, CH02 ndi ya paipi. Musatengere za mnzanu: E1 pa makina ena imanena za sensa, koma pa Gree imanena kuti gasi wapanikizika kwambiri. Onani m'buku la makinawo.

Yambani ndi kuzimitsa pa switchi ya pakhoma, osati pa limoti pokha. Dikirani mphindi 5, muyatsenso. Magetsi akabwera mwamphamvu atathima, bodi imatha kubalalika n'kulemba vuto limene kulibe. Zilembo zija zikabwereranso, zimitsaninso ndipo mudikire mphindi 10 musanatsegule, makamaka pa inverter, chifukwa makapasita ake amasunga magetsi oti angakupwetekeni ngakhale switchi ili yozima.

Mukatsegula, maso ayambe ntchito mita isanayambe. Tsatirani kawaya kuchokera ku mutu wa sensa mpaka pa kapulagi kake pa bodi. Makoswe amakonda timawaya timeneti, ndipo mphemvu ndi analimata amagona pa bodi pofuna kuthuma. M'madera a kunyanja monga Salima ndi Mangochi ndimapeza timano ta pulagi titachita dzimbiri lobiriwira chifukwa cha chinyezi. Kungopala n'kubwezeretsa, makina adzuka. Onaninso ngati sensa ya kopa ikadali m'kachubu kake. Otsuka eyakoni mwachangu amaisolola n'kuisiya ikulendewera, ndiye imamva mpweya m'malo mwa paipi.

Tsopano kuyeza. Zulani kapulagi pa bodi. Mukayeza kali pomwepo, mita iwerenga ndi za bodi zomwe, ndipo ikunamizani. Ikani mita pa 200k ya ma ohm (muyeso wa resistance; k ndi 1,000), mugunde timano tiwiri ta kapulagiko. Masensawa resistance yawo, kapena kuti mmene amatchingira magetsi, imatsika kukamatentha, imakwera kukamazizira, ndipo nambala imene amatchulidwa nayo ndi ya pa madigiri 25. Odziwika ndi a 5k, 10k, 15k, 20k ndi 50k. Gree nthawi zambiri imaika 15k ya m'chipinda, 20k ya koyilo ndi 50k ya kompulesa, pomwe LG imakonda 10k ya mpweya ndi 5k ya paipi.

Apa m'pamene anyamata ongoyamba ntchito amataya masensa abwinobwino. Sensa ya 10k imawerenga 10k pa madigiri 25 pokha. Masana a ku Chikwawa, chipinda chili pa madigiri 35, iwerenga pakati pa 6k ndi 7k, ndipo ili bwino. Pa madigiri 30 iwerenga cha pa 8k, pa 20 cha pa 12k. Choncho khalani ndi choyezera kutentha pambali.

Mita ikalemba OL kapena 1 yokha kumanzere, waya waduka kapena sensa yafa. Ikawerenga pafupi ndi 0, mawaya agundana. Ikapereka nambala yooneka bwino, musaikhulupirire msanga. Fumbatani mutu wa sensa: nambala izitsika pang'onopang'ono. Kenako ikani mutuwo m'jumbo kuti usanyowe, muviike m'madzi a ayezi: sensa ya 10k ikwere kufika cha pa 30k. Uku mukuyang'ana mita, gwedezani waya, makamaka pamene walowera m'mutu. Nambala ikamadumphadumpha, waya wadukira mkati, ndipo ndi amene amachititsa eyakoni kugwira bwino m'mawa n'kuvuta masana.

Yovutitsa kwambiri ndi sensa yonama, imene sinafe koma yasokera. Bodi siilemba chilichonse. Kompulesa imangozima patapita mphindi zochepa chipinda chisanazizire, kapena siizima n'komwe mpaka koyilo ichite ayezi, madzi n'kumadontha pakhoma. Zizindikiro zomwezi zimabweranso sefa ikatsekeka ndi fumbi, ndiye itsukeni kaye. Zikapitirira, yerekezani zimene mita ikunena ndi kutentha kwenikweni kwa chipinda.

Pokagula ina, nyamulani yakaleyo pamodzi ndi mita, muyeze yatsopanoyo musanalipire. Ikhale ya nambala yomweyo. Ya 5k pamalo pa 10k imauza bodi kuti m'chipinda mukutentha koopsa, kompulesa n'kumathamanga osapuma. Ngati pulagi siikugwirizana, dulani waya, mulumikize ndi solda, mutseke bwino kuti chinyezi chisalowe. Ena amaika resistor wamba, kachipangizo kamene nambala yake siisintha ndi kutentha, pamalo pa sensa kuti zilembo zichoke. Zimachokadi, koma bodi siidziwanso zimene zikuchitika pa koyilo, ndipo chimene chimadzafa ndi kompulesa.

Sensa ikapambana mayeso onsewa, pulagi ili yoyera, koma vuto likulembedwabe, ndiye kuti nkhani ili pa bodi. Bodi zambiri zimatumiza mavoti 5 ku sensa, ndipo kuyeza zimenezo kumafuna makina ali oyaka, bodi ili poyera. Ngati simunazolowere kugwira magetsi amoyo, itanani amisiri, muwauze nambala zimene mwapeza kale kuti asayambire pa gasi.