Momwe mungakonzere tchuthi chachifupi m'mizinda iwiri ya kunyanja yotalikirana

Pa mapu, mizinda iwiri ya m'mphepete mwa nyanja imaoneka ngati ili pafupi, chifukwa diso limangotsetsereka ndi gombe. Mukalowa mumsewu ndi nkhani ina. Gombe limakhotakhota, msewu umakwera zitunda n'kutsikira m'zigwa za mitsinje, ndipo tchuthi chonse chikhoza kuthera pampando wa galimoto. Titenge chitsanzo cha Cape Town ndi Durban ku South Africa, mizinda yotalikirana makilomita oposa 1,600 pamsewu. Kawerengedwe kake n'komweko kulikonse kumene mungapite.

Werengani mausiku, osati masiku

Tengani pepala, mulembe usiku uliwonse ndi kumene mukagone. Tchuthi cha masiku 6 chili ndi mausiku 5. Chotsanipo tsiku lofika, tsiku lobwerera ndi tsiku losamukira ku mzinda wachiwiri, muona kuti masiku athunthu atsala atatu okha. Mzinda uliwonse umafuna mausiku osachepera awiri, popeza mausiku awiri ndiwo amabala tsiku limodzi lathunthu. Ngati muli ndi mausiku atatu basi, sankhani mzinda umodzi, winawo mudzauona ulendo wina. Paja mapanga awiri avumbwitsa.

Mausikuwo musagawe mofanana chifukwa chongofuna chilungamo. Mzinda umene zokaona zake zimadalira nyengo upatseni ambiri. Pa chitsanzo chathuchi, atatu ku Cape Town, awiri ku Durban. Yambani ndi mzinda wa zoyendayenda, mutsirize ndi wosambira ndi kupumula, kuti musabwerere kuntchito miyendo ikuwawa.

Ndege kapena msewu

Ndege yochokera ku Cape Town kupita ku Durban imauluka pafupifupi maola awiri. Koma musalembe maola awiri papepala lanu. Onjezani ulendo wopita ku bwalo la ndege, mphindi 90 zofikira msanga, kudikira katundu, komanso ulendo wolowera mumzinda, pakuti bwalo la King Shaka lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa Durban. Zonse pamodzi ndi maola asanu kapena 6. Ndege ya masana imadula tsiku pakati n'kuliwononga mbali zonse ziwiri. Sankhani ya m'mamawa kapena ya madzulo. Ya m'mamawa ili ndi ubwino wina: kawirikawiri imakhala itagona pabwalo pomwepo, choncho siitengera kuchedwa kwa maulendo ena a tsikulo. Vuto lake n'lakuti malo ogona ambiri amapereka chipinda cha m'ma 2 koloko masana, ndiye funsiranitu ngati angakusungireni zikwama.

Msewu wa N2, umene umatsata gombe, ndi wa anthu amene akufuna kuti ulendowo ukhale tchuthi chenichenicho. Ndi maola pafupifupi 20 muli pachiwongolero, kutanthauza masiku osachepera atatu: kugona ku Knysna mutayenda makilomita pafupifupi 500, kenako ku East London, n'kutsiriza ndi chigawo chodutsa ku Mthatha ndi Kokstad. Chigawo chomalizachi ndicho chimapusitsa anthu. Msewu umalowa m'kati mwa matauni, malole amakwawa pa zitunda, ng'ombe ndi mbuzi zimangodutsa mosafunsa. Musayendepo usiku. Pa nthawi imene mapu a pafoni akuuzani, onjezani ola limodzi pa maola anayi alionse, chifukwa foni sidziwa kuti mudzaima kuthira mafuta, kudya ndi kujambula zithunzi.

Pali njira ya pakatikati, ndipo kwa munthu wa mausiku 6 kapena 7 ndiyo yabwino. Yendani pagalimoto makilomita pafupifupi 750 kukafika ku Gqeberha, mzinda umene mpaka 2021 unkatchedwa Port Elizabeth, kudutsa ku Mossel Bay, Knysna ndi Tsitsikamma. Siyani galimoto pa bwalo la ndege kumeneko n'kuuluka kupita ku Durban. Mwaona mbali yokongola ya msewu, yotopetsa mwaidumpha.

Ngati mukuchita hayala galimoto, funsani zinthu zitatu musanalipire: ndalama yowonjezera yosiyira galimoto mumzinda wina, malire a makilomita patsiku, ndi chikole chimene adzatsekere pa khadi lanu la kubanki. Ndalama yosiyira kwinayo nthawi zambiri siioneka pa mtengo woyamba umene mwauona pa intaneti. Potenga galimoto, ijambuleni mbali zonse, magalasi ndi matayala omwe, kuti zokalika zakale zisadzagwere inu.

Matikiti

Musagule tikiti yopita ndi kubwerera mzinda umodzimodzi. Posaka pa intaneti sankhani pamene alemba kuti multi-city, kuti mutsikire ku Cape Town n'kudzanyamukira ku Durban. Mukapanda kutero, tsiku lina lathunthu lidzapita pobwerera kumene munayambira. Ndipo musaganize zongodumpha chigawo chimodzi cha tikiti yomwe mwagula kale: mukapanda kukwera chigawo china, makampani ambiri amafafaniza zigawo zonse zotsala.

Tikiti ya pakati pa mizinda iwiriyo mukaigula payokha, musaiike tsiku limodzi ndi ndege yobwerera kwanu. Yoyamba ikachedwa, yachiwiri sikudikirani, ndipo palibe amene akubwezereni kanthu. Onaninso za katundu. Matikiti otchipa kwambiri amangolola kachikwama ka m'manja ka makilogalamu pafupifupi 7, ndipo kulipira sutikesi pabwalo kumadula kuposa kulipiriratu pogula tikiti.

Nyengo ya mizinda iwiri si imodzi

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poganiza kuti nyanja ndi nyanja. Cape Town imalandira mvula yake m'nyengo yozizira, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, pomwe Durban nthawi imeneyo kumakhala kouma ndi kofundirako. Mu Disembala ndi Januwale zimatembenuka: ku Cape Town dzuwa ndi mphepo yamphamvu ya kum'mwera chakum'mawa, ku Durban chitungu ndi mvula ya mabingu. Madzi nawonso ndi osiyana. Ku magombe a nyanja ya Atlantic, monga Camps Bay ku Cape Town, amazizira mpaka kuwawitsa mafupa ngakhale dzuwa likuswa mtengo, pomwe ku Durban sakonda kutsika pa madigiri 20. Malichi ndi Epulo ndiyo miyezi imene mizinda yonse iwiri imakhala bwino. Kuyambira pakati pa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale sukulu zimakhala zitatsekera, malo ogona amadzaza ndipo mitengo imakwera.

Zinthu zodalira nyengo ziikeni pa tsiku lathunthu loyamba, lachiwiri likhale lobwezera. Ku Cape Town, chikepe chokwerera phiri la Table Mountain amachiimitsa mphepo ikakula, ndipo maboti opita ku chilumba cha Robben Island, amene amanyamukira pa doko la V&A Waterfront, sayenda nyanja ikawinduka. Mukaziika pa tsiku lomaliza, mwayi wachiwiri palibe. Mukadzuka n'kuona phiri lili poyera lopanda mtambo, siyani zina zonse mupite m'mawa womwewo.

Ndondomeko yolipira

Yambani ndi pasipoti. South Africa imafuna kuti ikhale idakali ndi mphamvu kwa masiku osachepera 30 kuchokera tsiku lotuluka m'dzikolo. Kenako matikiti a ndege zonse, kenako malo ogona amene amalola kusintha maganizo popanda chindapusa, kenako galimoto. Matikiti a malo okaona abwere pamapeto. Malo ogona akhale pafupi ndi zimene mwabwerera. Chipinda chotchipa chakutali ndalama yake imathera pa mataxi.

Kugombe, sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, pamene pali opulumutsa anthu. Madzi akayamba kukukokerani kwakuya, musalimbane nawo molunjika kumtunda. Sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mutatulukamo. Mu Juni ndi Julayi, nsomba za sardine zikamadutsa kum'mwera kwa Durban, maukonde otchinga shaki amazulidwa ndipo magombe ena amaletsa kusambira, choncho funsani musanalowe m'madzi. Amene mukufuna kukamira pansi pa nyanja ndi mabotolo a mpweya, monga ku Aliwal Shoal, malo a matanthwe a pansi pa nyanja kum'mwera kwa Durban, musachite zimenezi tsiku lomaliza: thupi limafuna nthawi yotulutsa nayitrojeni, ndiye siyani maola 24 pakati pa kumira komaliza ndi kukwera ndege.