Mpopi wodontha ndinaukonza ndi kalabala kotchipa

Mpopi wa pasinki unkangodontha usana ndi usiku. Kutseka mwamphamvu sikunathandize, kukulunga nsanza nakonso ayi.

Vuto linali wosha, kalabala kozungulira kamene kamatseka madzi mkati mwa mpopi. Kakaperepeseka, madzi amapeza podutsa. Ndinayamba ndatseka valavu yaikulu, n'kutsegula mpopiwo kuti madzi otsala atuluke. Kenako ndinachotsa chogwirira n'kumasula mutu wake ndi sipanala.

Pofunika kwambiri ndi apa: popita kukagula tengani kalabala kakaleko, chifukwa masaizi amasiyana, ndipo kakangochepa pang'ono kudontha sikutha. Pukutaninso dzimbiri pomwe kamakhala musanaike katsopano, ndipo pomanga musachite kukakamiza.

Paketi yake ndi yotchipa kutalitali poyerekeza ndi kuitana pulambala. Totsalato ndakonzeranso mpopi wa kubafa.