Wi-Fi ya pa shopu: ndani alowe, ndani atsogole

Eni mashopu akandiitana kuti bandulo ikutha msanga, amakhala atayamba kale kudzudzula kampani ya netiweki. Tikatsegula rauta, kabokosi kamene kamagawa Wi-Fi, timapeza mafoni a anthu osawadziwa: a pa shopu yoyandikana, a anyamata ocheza pakhonde, ngakhale a wantchito amene anachoka chaka chatha.

Dziwani kaye kuti rauta ili ndi mapasiwedi awiri. Ina ndi ya Wi-Fi, imene mumauza anthu. Ina ndi yolowera mkati mwa rautayo, ndipo iyi ndi imene ambiri simunaikhudzepo chigulireni. Kuti mulowemo, lembani adiresi ya rauta pa browser, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, kawirikawiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, marauta ambiri a Huawei olowa SIM khadi amayendera 192.168.8.1. Yanu yalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwake. Ngati mukulowabe ndi mawu akuti admin, sinthani lero lomwe, chifukwa aliyense amene ali pa Wi-Fi yanu atha kulowamo n'kukutsekerani kunja inuyo eni ake.

Pa chitetezo sankhani WPA2 kapena WPA3, njira zimene rauta imatchingira Wi-Fi. WPA3 inabwera mu 2018, ndiye printa yakale ikhoza kukana kulumikizika. Zikatero sankhani pamene palembedwa WPA2/WPA3. WEP, njira yakale, musaiyandikire, imathyoledwa m'mphindi zochepa. Pasiwedi ya Wi-Fi ikhale yaitali, mawu anayi osagwirizana, osati nambala ya foni imene mwailemba pa chikwangwani. WPS, njira yolumikizira ndi batani kapena PIN popanda pasiwedi, nayo zimitsani. Mu 2011 zinadziwika kuti PIN yake ya manambala 8 imayesedwa m'zigawo ziwiri, moti wakuba amangofunika kuyesa ka 11,000 basi, ntchito ya maola ochepa pa kompyuta.

Makasitomala apatseni netiweki yawoyawo, ija yotchedwa Guest. Azipeza intaneti, koma asamaone kompyuta ya akaunti kapena makina a POS, aja olipirira ndi khadi.

Tsopano za QoS, gawo la mu rauta losankha amene atsogole pa intaneti, zomwe ambiri samazimvetsa. QoS siwonjezera liwiro ngakhale pang'ono. Imangokonza mzere, monga achitira nesi pa chipatala akalowetsa wodwala kwambiri patsogolo. Vuto limakhala potumiza, chifukwa liwiro lotumizira ndi lochepa poyerekeza ndi lolandirira. Foni imodzi ikayamba kukweza mavidiyo, makina a POS amangozungulira kasitomala ali chiimire, mawu a pa WhatsApp n'kumadukaduka, chonsecho zinthu ziwirizi zimadya data yochepa kwambiri.

Yezani liwiro lanu masana anthu ali pikitipikiti, osati usiku. Mu QoS lembani pang'ono kuchepera pa zimene mwapeza. Mukapeza 10 Mbps, lembani 8 kapena 9. Ena amaona ngati akutaya, koma mukatero mzere umapangika mu rauta yanu, m'mene muli ndi ulamuliro, osati ku kampani. Kenako ikani POS ndi kompyuta ya ntchito pamwamba, Guest pansi penipeni.

Marauta ang'onoang'ono ambiri a SIM khadi alibe QoS. Ngati yanu ndi yotero, chepetsani chiwerengero cha mafoni ololedwa kulowa nthawi imodzi. Mukasintha pasiwedi, printa ndi makamera azifuna kulumikizidwanso chimodzichimodzi, choncho chitani zimenezi madzulo mutatseka shopu.