Momwe mungawunikire mafayilo a odwala matenda a maganizo mwezi uliwonse

Mwafunsa momwe chipatala chothandiza odwala matenda a maganizo chingadziwunikire chokha oyendera asanabwere.

Musanayambe, khalani ndi malamulo a bungwe lomwe linakupatsani chilolezo, ziphaso za ogwira ntchito, komanso chipinda chokhoma chowerengeramo mafayilo.

1. Onani ziphaso za madokotala, anamwino ndi alangizi. Amene chiphaso chake chatha asaone wodwala mpaka atachikonzetsa.

2. Tolani mafayilo 10 mosasankha. Wowunika asakhale yemwe anawalemba.

3. M'fayilo iliyonse fufuzani chilolezo chomwe wodwala anasaina, dongosolo la chithandizo, ndi zolemba za ulendo uliwonse zokhala ndi deti ndi siginecha.

4. Yerekezani zotsatira za PHQ-9, mafunso 9 oyeza matenda a kukhumudwa omwe malikisi ake amachokera pa 0 mpaka 27. Malikisi okwera amasonyeza kuti matendawa ndi aakulu. Ngati malikisi a wodwala sakutsika, dongosolo la chithandizo liwunikidwenso.

5. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amangoona malikisi onse pamodzi n'kudumpha funso la 9, lofunsa za maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza. Munthu atha kupeza 6 yokha koma atavomera funso limeneli. Fayilo isonyeze kuti anaunikidwa tsiku lomwelo ndipo anakonza naye njira zomutetezera. Zikasowa, musadikire lipoti, mufufuzeni wodwalayo lero lomwe.

6. Lembani cholakwika chilichonse, wochikonza ndi tsiku lomaliza, pogwiritsa ntchito manambala a mafayilo m'malo mwa mayina. Zomwe zinaiwalika zilembedwe ndi deti lalero. Kuikapo deti lakale ndi chinyengo.