Mota ya pulinta ya 3D ikatentha, musathamangire kugula ina

Dandaulo ili limabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu omwe ali ndi pulinta ya 3D kunyumba, makamaka Creality Ender 3 ija inatuluka mu 2018 n'kufala chifukwa chotsika mtengo. Munthu watchera makina kuti asindikize chinthu cha maola 6. Ola loyamba zonse zili bwinobwino. Pofika ola lachitatu kukumveka "tha, tha, tha" pamene pamalowera filamenti (ulusi wa pulasitiki womwe makina amasungunula), nozo (kamlomo kotulukira pulasitikiyo) ikungoyenda m'malere osalavula pulasitiki. Mwini wake akhudza mota, chala n'kubwerera chokha, basi mlandu watha: mota yapsa, mawa aitanitsa ina. Ndalama imeneyo nthawi zambiri imangotayika, pakuti yatsopanoyo nayonso imakatentha chimodzimodzi.

Mota za m'makinawa ndi za mtundu wa stepper, zomwe zimazungulira m'masitepe ang'onoang'ono owerengeka, za saizi ya NEMA 17, ndipo khalidwe lake n'losiyana ndi mota ya pachigayo. Stepper imadya magetsi ngakhale itaima phee, chifukwa imayenera kugwira malo ake kuti nozo isasunthe. Choncho kufunda ndi chikhalidwe chake. Mawaya a mkati mwa zambiri mwa motazi anapangidwa kuti apirire mpaka madigiri 130. Kunja kwake kukakhala pa 50 kapena 60 palibe chodetsa nkhawa, koma kukayandikira 80 pamenepo pali vuto. Chala chimanama, chifukwa pa madigiri 60 simungachisiyepo nthawi yaitali. Bwerekani thermometer ija yoloza ngati mfuti, mumate kachidutswa ka tepi wakuda pamota, muyezere pamenepo. Chitsulo chonyezimira chimaisokoneza.

Nanga ngati mota ikupirira, chikuvutika n'chiyani? Kawirikawiri ndi filamenti. Filamenti ya mtundu wa PLA imayamba kufewa pa madigiri 60 okha. Kutentha kwa mota ya extruder, chipangizo chotumiza filamenti ku nozo, kumayenda m'shafiti mpaka pa kagiya ka mano kaja kamene kamakankha filamenti. Kagiyako kakatentha, filamenti imaphwatalala, mano aja amangoikukuta osaikankha. Tulutsani filamentiyo muione pa kuwala. Mukapeza malo ophwatalala, okumbika ngati pomwe khoswe waluma, ndi ufa wa pulasitiki utadzaza m'mano a giya, ndiye kuti nthenda ili pa extruder. Koma mukapeza kuti kumapeto kwake kwatupa ngati mutu wa machesi, vuto lili kwina: kafani kamene kamaziziritsa chitsulo chamizeremizere pamwamba pa nozo kafooka kapena katsekeka ndi fumbi, kutentha n'kukwera m'mwamba, pulasitiki n'kusungunuka isanafike pamalo ake. Kulira kwa "tha, tha" n'komweko, koma mankhwala ake ndi osiyana. Kafani kameneka kamayenera kuzungulira nthawi yonse nozo ikakhala yotentha.

China chomwe chimagonja mota isanagonje ndi driver, kachipangizo ka pabodi ya zamagetsi kamene kamapatsira mota magetsi. Driver ya mtundu wa A4988 imadzizimitsa yokha ikafika pa madigiri pafupifupi 165, pomwe TMC2209 imachenjeza pa 120 n'kudzizimitsa cha m'ma 150. Ikazima kamphindi kenaka n'kudzuka, makina sadziwa kuti ataya masitepe, amangopitiriza. Mudzapeza chinthu chanu chitasuntha pakati, theka lapamwamba lili pambali ngati khoma lomwe mmisiri anaiwala chingwe. Apa tsegulani bokosi la bodi muone fani. Pa Ender 3 yoyambirira faniyi inayang'ana m'mwamba, ndiye tizinyenyeswa ta pulasitiki timagweramo. Komanso inalumikizidwa pamodzi ndi fani yoziziritsa chinthu chomwe chikusindikizidwa, moti mukazimitsa imeneyo, mwachitsanzo posindikiza ndi filamenti ya mtundu wa ABS, mwazimitsanso ya pabodi osadziwa.

Tsopano gwero lenileni, lomwe ndi kuchuluka kwa magetsi opita ku mota. Kutentha sikukwera mofanana ndi ma ampere, kumakwera mochulukitsa: ma ampere akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Ubwino wake ndi wakuti mukachepetsa ndi 20 peresenti yokha, kutentha komwe mawaya amatulutsa kumatsika ndi 36 peresenti. Fufuzani ma ampere omwe mota yanu inapangidwira, ndipo muipatse pakati pa 70 ndi 85 peresenti ya nambalayo. Sifunika yonse.

Pa bodi za A4988 pali kasikulu kakang'ono pafupi ndi driver iliyonse, ndipo mavoti omwe mumayeza pamenepo amatchedwa Vref. Masamu ake ndi awa: chulukitsani ma ohm a resistor ya pabodipo ndi 8, kenaka mugawe Vref ndi nambala yomwe mwapezayo, yankho lake ndiwo ma ampere. Ngati pa resistor palembedwa R100, ndiye kuti ndi 0.1 ohm, choncho Vref ya 0.6 ikupereka ma ampere 0.75. Ikani waya wakuda wa multimeter, choyezera magetsi, pa negative, wofiira pa kasikuluko, mulembe papepala nambala yomwe mwapeza musanakhudze kanthu. Ambiri amadumpha kulembako, mapeto ake sadziwa pobwerera. Potembenuza gwiritsani ntchito sikuludiraiva ya ceramic kapena ya pulasitiki. Yachitsulo ikaterereka n'kukhudza timiyendo tiwiri, bodi yapita. Tembenuzani pang'ono kwambiri, yezaninso, sindikizani kanthu ka theka la ola, kenaka muone. Mota ikayamba kudumpha masitepe ili yozizira, mwatsitsa mopitirira, bwezerani pang'ono. Amene bodi yawo ili ndi TMC2209 yolumikizidwa pa UART, njira yomwe bodi imalankhulira ndi driver, ali ndi mwayi: pa Marlin, pulogalamu yoyendetsa makinawa, amangotumiza lamulo la M906 E650, kutanthauza ma milliampere 650 ku extruder, kenaka M500 kuti makina asaiwale.

Ndipo chonde, musazule waya wa mota makina ali oyaka. Driver imafa nthawi yomweyo.

Mukatsitsa magetsi m'pamene mavuto obisika amaonekera, chifukwa mota yomwe inkakoka mwankhanza tsopano ikusowa mphamvu zolimbana ndi zothina. Zimitsani makina, mukankhe bedi, pomwe pamakhala chosindikizidwa, ndi mutu wa nozo ndi dzanja, pang'onopang'ono, pakuti mukathamangitsa mota imasanduka jenereta n'kubwezera magetsi ku bodi. Zizipita mofewa kuyambira uku mpaka uko. Pakakhala pogwiragwira, masulani pang'ono ma nati aja othinitsa timatayala, mpaka tayala lizitheka kulizunguza ndi zala movutikira pang'ono. Lamba akhale wokoka koma osati ngati chingwe cha gitala. Chitsulo chamazinga cha Z, chomwe chimakweza ndi kutsitsa nozo, chipukuteni n'kuchipaka girizi pang'ono.

Malo omwe makina akhala nawonso amawerengedwa. Mota imawonjezera kutentha kwake pamwamba pa kutentha kwa m'chipinda, choncho makina omwe ankayenda bwino mu Juni akhoza kuyamba kukukuta filamenti mu Okutobala, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, popanda chomwe chasintha. Zosindikiza zazitali ziyambitseni madzulo. Ngati munawamangira kabokosi, tsegulani chitseko mukamagwiritsa ntchito PLA. Bokosi ndi la ABS. Fumbi la m'chilimwe lichotseni m'mafani ndi kaburashi kofewa.

Uthenga wa "Thermal Runaway" kapena "MINTEMP" ukaoneka pa sikirini, imeneyo si nkhani ya mota. Makina akunena kuti zomwe thermistor ikuwauza sizikugwirizana ndi moto womwe akupereka. Thermistor ndi kamkanda kagalasi ka 100k kolowa m'chitsulo cha nozo, ndipo timawaya take n'topyapyala ngati tsitsi. Kasikulu kogwira timawayato kakamangidwa kwambiri kamatidula, kakamasuka kamkandako kamatuluka. Makina ali ozizira, nozo ndi bedi ziziwerenga nambala zoyandikana ndi kutentha kwa m'chipinda. Gwedezani waya pang'ono, nambala ikadumpha mwapeza wolakwa. Onaninso ngati kasokosi ka silicone kovundikira chitsulo cha nozo kakadalipo, chifukwa popanda iko mphepo ya fani imaziziritsa chitsulocho. Kutentha kukamangokwera n'kutsika, tumizani M303 E0 S200 C8 U1 kuti makina aphunzirenso kusunga kutentha kwa nozo pamlingo umodzi, kenaka M500. Ena amalangiza kuchotsa chitetezochi mu firmware, pulogalamu ya makinayo, kuti uthengawo usiye kuvutitsa. Ine ndimakana kwamtuwagalu: heater yomwe yatuluka m'malo mwake popanda woiletsa imayatsa nyumba.

Zonsezi mukachita koma giya ya extruder n'kumatenthabe, matani heatsink, chitsulo chamizeremizere chomwaza kutentha, ya mamilimita 40 kumbuyo kwa mota, kapena muilozetse kafani kakang'ono ka mavoti ofanana ndi a makina anu, omwe pa Ender 3 ndi 24. Mota yokhayo yoyenera kusintha ndi yomwe ikununkha chopserera, kapena yomwe ma coil ake awiri akuwerenga ma ohm osiyana kwambiri pa multimeter mutaizula makina ali ozima.